Kupuma, Kupumira ndi Kupumitsa: Makanda a kwa Mwambo ndi Machubu a Kuchipatala

1.0 Chiyambi

Kwathu kwa Mwambo, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba, mwana wakhanda akagonekedwa kuchipatala chifukwa cha kubanika, uthenga umene umafika kumudzi umakhala waufupi. Amati, "Amuika pa mpweya," kapena, "Ali pa makina." Akuluakulu akamva zimenezi, ena amayamba kufunsana za nkhuni ndi ufa, poganiza kuti maliro ali pafupi. Chonsecho mawu amenewa akuphimba zinthu zinayi zosiyana kwambiri. Pali kachubu kodyetsera mwana, pali timachubu topereka okosijeni, pali makina otchedwa CPAP, ndiponso pali kachubu kolowetsedwa m'kholingo. Mwa zinayizi, chomalizacho chokha ndicho chimene makina amapumira mwana, ndipo ndi ana ochepa zedi amene amafika pamenepo.

M'chimangirizo chino ndifotokoza mayina amene timatchulira matenda a kapumidwe, mapangidwe a njira ya mpweya ya khanda, thandizo limene mwana wobanika amalandira kuyambira kumudzi mpaka kuchipatala chachikulu, ndi momwe madokotala amalowetsera kachubu m'kholingo. Mfundo yanga ndi imodzi. Kachubu ka m'kholingo kali pamwamba penipeni pa makwerero, koma moyo wa mwana wa kwa Mwambo umapulumuka kapena kutayika pa masitepe apansi, ndipo mawu amene timagwiritsa ntchito ndiwo amachititsa makolo kukwera masitepewo msanga kapena kuwathawa. Zimene ndalemba pano si malangizo oti munthu akayesere kunyumba. Ndalembera ife ophunzira chiyankhulo, amene kawirikawiri timapezeka titaima pakati pa dokotala ndi mayi, tikumasulira.

2.0 Mayina a matenda ndi zimene amabisa

Dzina lakuti chibayo linachokera ku mneni woti baya. Tikaphatikiza chi- kumayambiriro ndi kusintha a wotsiriza kuti akhale o, timapeza dzina, monga momwe tseka amabalira chitseko. Dzinali n'loyenera kwa munthu wamkulu, pakuti iye amaloza m'nthiti nanena kuti, "Pakundibaya apa." Koma khanda la miyezi itatu silingaloze, silinganene. Choncho mayi amene akudikira chizindikiro cha kubaya adzadikira mpaka matenda atakula.

Tili ndi mawu enanso. Befu ndi phuma ndi kupuma mwawefuwefu, monga amachitira munthu amene wakwera phiri. Mphumu ndi matenda obwerabwera otsekereza m'chifuwa. Kutsamwa n'kutsekeka kukhosi ndi chakudya. Kubanika n'kusowa mpweya. Mawu akuti chifuwa amatanthauza chiwalo cha thupi komanso kutsokomola kulikonse, kwakung'ono ndi kwakukulu komwe. Pamwamba pa izi, dera lathu ndi la madambo ndi udzudzu wambiri, kotero kuti mwana akatentha thupi timathamangira kunena kuti ndi malungo. Chibayo nachonso chimatenthetsa thupi, ndipo mwana akhoza kudwala matenda awiriwa nthawi imodzi.

Pa chifukwa chimenechi, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limaphunzitsa kuti chibayo cha mwana tizichiwerenga, tisadikire kuuzidwa. Mwana akhale chete, osalira, ndipo tiwerenge kangati chifuwa chikukwera pa mphindi imodzi yathunthu. Khanda losakwana miyezi 2 likupuma mothamanga ngati lafika ka 60 kapena kuposerapo. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11, malire ndi ka 50. Wa chaka chimodzi koma wosakwana zaka 5, malire ndi ka 40. Chizindikiro china ndi kulowa m'kati kwa m'munsi mwa nthiti pamene mwana akukoka mpweya. Zizindikiro zoopsa koposa ndi izi: kulephera kuyamwa, kusanza chilichonse, kukomoka, kufooka kosadzutsika, kubuula pa mpweya uliwonse, ndi lilime kapena m'kati mwa milomo kusintha mtundu n'kuderako. Malinga ndi WHO, chibayo chinapha ana osakwana zaka 5 okwana pafupifupi 740,000 padziko lonse m'chaka cha 2019.

3.0 Chifukwa chake khanda limabanika msanga

Khanda si munthu wamkulu wochepetsedwa. Njira yake ya mpweya inapangidwa mosiyana, ndipo pali zinthu zinayi zofunika kuzidziwa.

Choyamba ndi kuchepa kwa njirayo. Kholingo la mwana wongobadwa kumene ndi lotambalala mamilimita pafupifupi 4, kungoposa pang'ono kachubu ka inki ka m'bolopeni. Likatupa ndi milimita imodzi kuzungulira, pamatsala mamilimita 2 okha, ndipo mpweya umavutika kudutsa kuwirikiza ka 16. Kwa wamkulu amene njira yake ndi ya mamilimita 8, kutupa komweko kumangowirikiza vutolo pafupifupi katatu. N'chifukwa chake chimfine chimene bambo amapita nacho kukavuula matemba ku Kachulu chimatha kugoneka khanda lake m'chipatala.

Chachiwiri, m'miyezi yoyambirira khanda limadalira kwambiri mphuno popuma, motero mamina okha akhoza kulilepheretsa kuyamwa. Chachitatu, nthiti zake n'zofewa, ndipo likamakoka mpweya mwamphamvu, chifuwa chimaphwafuka m'malo mofufuma. Thupi lake limathanso okosijeni mofulumira kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi la wamkulu, tikatengera kulemera kwake, choncho silikhala ndi wosungira. Limalimbana kwa maola angapo, kenaka limatopa.

Chachinayi chikukhudza ana obadwa masiku asanakwane. M'mapapo muli timatumba ting'onoting'ono tambirimbiri momwe mpweya umalowera m'magazi. Kuti timatumbati tisamatirire, thupi limapanga madzi oterera ngati sopo otchedwa surfactant, ndipo amakwanira bwino mimba ikafika masabata pafupifupi 34 kapena 35. Mwana wobadwa nthawiyi isanafike, timatumba take timamatirira ngati jumbo yonyowa pa mpweya uliwonse umene watulutsa. Mary Ellen Avery ndi Jere Mead ndiwo anaonetsa chimenechi m'chaka cha 1959. Vutoli silisankha olemera kapena osauka, pakuti mu Ogasiti 1963 linapha khanda la mtsogoleri wa dziko la America, John F. Kennedy. Kwa ife nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa lipoti la WHO ndi mabungwe ena la m'chaka cha 2012 linaika Malawi patsogolo pa mayiko onse, ndi ana 18 mwa 100 aliwonse obadwa masiku asanakwane.

4.0 Masitepe anayi a pansi

4.1 Kumudzi

Sitepe yoyamba ndi kupewa ndi kuzindikira msanga. Malawi anayamba kupereka katemera woteteza ku kachirombo ka Hib m'chaka cha 2002, ndipo mu Novembala 2011 anawonjezera katemera wa PCV13, wolimbana ndi kachirombo kena koyambitsa chibayo. Kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6 kumalimbitsanso mwana. Alangizi a zaumoyo anaphunzitsidwa kuwerenga kapumidwe ndi kupereka mankhwala a amoxicillin kwa ana a miyezi 2 kupita m'tsogolo. Khanda losakwana miyezi 2 limene laonetsa chizindikiro choopsa siliyenera kuchedwetsedwa pamudzi. Liyenera kupita kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale likhale lisanatuluke m'chikuta.

Utsi ndi mdani wina. Kwathu timawamba mlamba ndi makumba, timaphika ndi nkhuni ndi mapesi, ndipo mayi amachita zonsezi mwana ali kumsana. Komabe tisaganize kuti mbaula yatsopano payokha ithetsa vuto. Kafukufuku wamkulu amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga, pa ana oposa 10,000, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa m'chaka cha 2017, anapeza kuti mabanja amene analandira mbaula za utsi wochepa ana awo anadwala chibayo mofanana ndi anzawo. Utsi mwana amaupeza m'malo ambiri, osati kukhitchini kokha.

Apa mtunda ukulowapo. Kuchokera padoko la Kachulu kukafika mumzinda wa Zomba ndi makilomita pafupifupi 30. Mayi wa pachilumba cha Chisi ayambe wakwera bwato, kenaka njinga ya kabaza kapena galimoto, ndipo m'nyengo ya dzinja matope amatalikitsa ulendo. Mwana amene wanyamulidwa atangoyamba kupuma mothamanga amafika ali ndi mphamvu. Amene wanyamulidwa atayamba kubuula amafika atatopa.

4.2 Mphindi yoyamba ya moyo

Mwa ana 10 obadwa, mmodzi amafuna thandizo kuti ayambe kupuma, koma ofuna thandizo lalikulu kwenikweni sakwana mmodzi mwa 100. Maphunziro otchedwa Helping Babies Breathe, amene anayamba m'chaka cha 2010, amaphunzitsa anamwino ndi azamba a kuchipatala kuti ntchito ichitike m'mphindi yoyamba. Mwana amapukutidwa bwinobwino, amafunditsidwa, amasisitidwa pamsana, ndipo akapanda kupuma, amaikidwa kachophimba pamphuno ndi pakamwa kolumikizidwa ku thumba lofinya ndi dzanja. Namwino amafinya ka 40 pa mphindi akuyang'ana ngati chifuwa chikukwera. Thumbali silifuna magetsi. Ana ambiri amene anthu amaganiza kuti abadwa akufa amalira asanathe mphindi zochepa, popanda kachubu kalikonse.

4.3 Okosijeni

Mu mpweya umene tonse timapuma, magawo 21 mwa 100 ndi okosijeni. Mwana wa chibayo amafuna wochulukirapo. Kachipangizo kopanidwa kuchala kapena kuphazi kamayeza kuchuluka kwake m'magazi, ndipo akatsika pansi pa 90, mwana amaikidwa timachubu tiwiri tating'ono pakhomo pa mphuno. Timachubuti sitifika kukhosi. Mwana amapuma yekha, amalira, ndipo ambiri amayamwa ali nato. M'chaka cha 2000 boma linayambitsa ndondomeko yosamalira mapapo a ana m'zipatala za m'maboma. Inali ya zinthu wamba: kuphunzitsa ogwira ntchito, kuonetsetsa kuti mankhwala alipo, kulemba bwino za wodwala aliyense, ndi kuika makina opanga okosijeni. Pofika 2005, imfa za ana ogonekedwa ndi chibayo zinatsika kuchoka pa 18.6 kufika pa 8.4 mwa 100 aliwonse.

4.4 CPAP, mpweya wa thovu

Aliyense amene anauzirapo chibaluni akudziwa kuti kuuzira koyamba ndiko kovuta. Chikangofufuma pang'ono, kotsalako n'kosavuta. CPAP imagwira ntchito pa nzeru yomweyi. Imakankha mpweya pang'onopang'ono mosalekeza kudzera m'mphuno kuti timatumba ta m'mapapo tisaphwe kotheratu. George Gregory ndi anzake ndiwo anafalitsa njirayi ku San Francisco m'chaka cha 1971. Mu mtundu wake wosavuta, paipi yotulutsira mpweya imamizidwa m'botolo la madzi. Ikamira masentimita 5, mphamvu yokankha ndi yomweyo, ndipo ikamira kwambiri mphamvu imakula. Madziwo amabwata ngati mphika wa nyemba, ndipo kubwatako kumasonyeza kuti mpweya ukuyenda.

Makina a CPAP a kumayiko olemera anali odula kwambiri. Ophunzira a pa Rice University mumzinda wa Houston, motsogozedwa ndi Rebecca Richards-Kortum ndi Maria Oden, anagwirizana ndi madokotala a ana a pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre, monga Elizabeth Molyneux ndi Kondwani Kawaza, napanga makina otsika mtengo pogwiritsa ntchito timapampu ta m'matanki owetera nsomba za m'nyumba. Anawatcha dzina la Chichewa lakuti Pumani. M'chaka cha 2012 anawayesa pa makanda 87 obanika kwambiri. Mwa amene anaikidwa pa makinawa, 71 mwa 100 anatuluka amoyo, pamene mwa amene analandira okosijeni yekha anali 44 mwa 100. Pambuyo pake makinawa anafalitsidwa m'zipatala za boma m'dziko muno.

Khanda lozizidwa silipindula mokwanira ndi makina alionse. Pamenepa boma lathu la Zomba lili ndi mbiri yake, pakuti njira ya kangaru, yoika mwana wochepa thupi pachifuwa cha mayi khungu kukhungu, inakhazikitsidwa pa chipatala chachikulu cha Zomba m'chaka cha 1999, itachokera ku Bogotá m'dziko la Colombia kumene inayamba mu 1978. Mayi wa kwa Mwambo angathe kunyamula khanda lodwala mwanjira imeneyi pa ulendo wonse wopita kuchipatala.

5.0 Kulowetsa kachubu m'kholingo

Masitepe onsewa akalephera, mwana akamasiyasiya kupuma, kapena akafunika opaleshoni, madokotala amalowetsa kachubu m'kholingo. Njirayi inatchuka m'zaka za m'ma 1880, pamene Joseph O'Dwyer wa ku New York anapanga timachubu tachitsulo topulumutsira ana amene khosi lawo linatsekeka ndi matenda a diphtheria. Masiku ano timachubuti ndi tapulasitiki yofewa.

Kukhosi kuli njira ziwiri. Kutsogolo kuli kholingo, lopita kumapapo, ndipo kumbuyo kwake kuli m'mero, wopita m'mimba. Pakhomo pa kholingo pali kachivindikiro kamene kamatseka tikamameza, ndipo pansi pake pali timitsempha tiwiri ta mawu. Kwa khanda ntchitoyi ndi yovuta chifukwa lilime ndi lalikulu poyerekeza ndi kamwa, nkhongo ndi yotuluka kotero kuti mutu umaweramira kutsogolo, kholingo lili m'mwamba, ndipo kachivindikiro kaja n'kakatali ndi kolendewera. Ntchito imayenda motere.

Poyamba ndi kukonzekera. Pamafunika anthu osachepera awiri, malo ofunda, choyamwira makhololo, thumba lofinya lija, okosijeni, ndi timachubu ta misinkhu ingapo. Khanda losakwana kilogalamu imodzi limalandira kachubu ka mamilimita 2.5, la pakati pa kilogalamu imodzi ndi awiri ka mamilimita 3.0, ndipo loposa pamenepo ka mamilimita 3.5. Ngati nthawi ilipo, mwana amapatsidwa mankhwala opha ululu ndi ogonetsa.

Kachiwiri, mwana amagonekedwa chagada, khosi litawongoka pang'ono ngati munthu wonunkhiza. Nthawi zina amaika kansalu kopinda pansi pa mapewa. Khosi likapindikira kumbuyo kwambiri, njira imatsekekanso. Amayamba amupatsa okosijeni wokwanira ndi thumba lija.

Kachitatu, dokotala amagwira kudzanja lamanzere chida chotchedwa laryngoscope. Chidachi chili ndi chogwirira ndi lilime lachitsulo lokhala ndi kanyali kunsonga. Kwa makanda amakonda lilime lowongoka, la mtundu umene Robert Miller anapanga m'chaka cha 1941. Amalilowetsa m'kamwa, nakankhira lilime la mwana kumanzere, nanyamula kachivindikiro kaja. Amanyamula chida chonse, sapanikiza pausinini. Akatero timitsempha ta mawu timaoneka, toyererako, tokhala ngati chilembo cha V chozondoka.

Kachinayi, ndi dzanja lamanja amalowetsa kachubu pakati pa timitsemphato, akuona ndi maso. Kholingo la khanda ndi lalifupi, masentimita pafupifupi 4, choncho kuya kwake n'kofunika kwambiri. Lamulo lothandiza ndi kuwonkhetsa 6 pa makilogalamu a mwana. Khanda la makilogalamu 3, kachubu kamalowa masentimita 9 kuyezera pamlomo. Zonsezi zichitike m'masekondi 30. Zikakanika, dokotala amaleka, nabwerera ku thumba lofinya, nayesanso mwana atapezako mphamvu.

Kachisanu ndi kutsimikiza. Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri ndi ziwiri. Kachubu kakhoza kulowa m'mero, ndipo mimba ndiyo imafufuma, mapapo osalandira kanthu. Kapena kakhoza kupitirira n'kulowa ku papo la kumanja lokha. Choncho dokotala amayang'ana ngati mbali zonse ziwiri za chifuwa zikukwera mofanana, amamvetsera m'khwapa zonse ziwiri, amaona ngati mtima wayamba kugunda bwino, ndipo kumene kulipo amagwiritsa ntchito kachipangizo kosintha mtundu mpweya wotuluka m'mapapo ukakakhudza. Akatsimikiza, amamata kachubuko ndi pulasitala.

Pali kanthu kena kamene makolo ayenera kuuzidwa. Popeza kachubu kadutsa pakati pa timitsempha ta mawu, mwana amatha kukwinya nkhope ngati akulira koma mawu osatuluka. Sikuti wasanduka wosalankhula. Mawu amabwerera kachubu kakachotsedwa.

6.0 Kachubu pakokha si kanthu

Walira mvula walira matope. Kulowetsa kachubu kumatenga theka la mphindi, koma zotsatira zake zimatenga masiku. Mwana amafuna makina otchedwa ventilator, magetsi osazima, okosijeni wosatha, ndi namwino wokhala pambali pake usana ndi usiku kuti aziyamwa makhololo, pakuti kachubu kochepa chotero kamatsekeka msanga. Popanda makina, munthu ayenera kufinya thumba ndi manja mosalekeza. Zinachitikapo ku Copenhagen m'chaka cha 1952 pa mliri wa poliyo, pamene ophunzira udokotala mazanamazana ankasinthana kufinya matumba kwa masabata ambiri. Kuno kwathu, chipinda choyamba chapadera chosamalira ana odwalitsitsa chinatsegulidwa mu Julayi 2017 pa Mercy James Centre ku chipatala cha Gulupu, chili ndi mabedi 6. Kuchokera ku Zomba kukafika kumeneko ndi makilomita oposa 60, kuwonjezera pa aja a ku Kachulu.

Phunziro lomweli linaoneka pa CPAP. Ku Dhaka m'dziko la Bangladesh, kafukufuku wa m'chaka cha 2015 anapeza kuti mwa ana a chibayo choopsa oikidwa pa CPAP anamwalira 4 mwa 100, pamene a pa okosijeni wamba anali 15 mwa 100. Kumeneko ana ankayang'aniridwa mwapafupi. Koma pa chipatala cha boma cha Salima, pakati pa 2015 ndi 2018, Eric McCollum ndi anzake anayesa njira yomweyi pa ana 644 a mwezi umodzi mpaka miyezi 59, odwala chibayo choopsa, ambiri a iwo ali ndi vuto lina monga kunyentchera kapena HIV, m'wodi wamba mopanda dokotala wa tsiku ndi tsiku. Mwa oikidwa pa CPAP anamwalira 17 mwa 100, pamene a pa okosijeni anali 11 mwa 100, ndipo kafukufukuyo anaimitsidwa. Zimenezi sizikufafaniza phindu la CPAP pa makanda obadwa masiku asanakwane. Zikutiphunzitsa kuti makina amathandiza molingana ndi maso ndi manja amene akuwayang'anira, ndiponso kuti makina aakulu si ndiwo nthawi zonse thandizo loyenera.

7.0 Ntchito ya ife a chiyankhulo

Kuopa okosijeni n'kodziwika m'dziko muno, ndipo ofufuza analembapo za mantha amenewa. Gwero lake n'losavuta kulimvetsa. Kale okosijeni anali wochepa, motero ankapatsidwa kwa amene akutsirizika okha. Anthu anaona odwala akuikidwa timachubu kenaka n'kumwalira, ndipo anati mpweyawo ndiwo wapha. Mantha amachedwetsa makolo, kuchedwako kumabweretsa imfa, ndipo imfayo imalimbitsa mantha aja.

Azakhali anga ena anatuluka usiku m'chipatala china ndi khanda lawo la masabata atatu, atamva kuti m'mawa amuika kachubu. Iwo anakumbukira mwana wa pabedi loyandikana, amene anamwalira ali ndi timachubu m'mphuno. Amalume atawabweza kutacha, zinadziwika kuti kachubu kanali kodyetsera, kodutsa m'mphuno kupita m'mimba, koti mwana azilandira mkaka wa m'mawere wofinya popanda kutopa ndi kuyamwa. Mwanayo anachira. Dzina limodzi la zinthu zinayi likanamuphetsa.

Chichewa chili nazo zida zosiyanitsira zinthuzi, ndipo zili mu misintho ya aneni. Kupuma ndi ntchito ya mwini. Kupumira, mu msintho wochitira, ndi kugwira ntchitoyo m'malo mwa wina. Kupumitsa, mu msintho wochititsa, ndi kupatsa wina mpata woti apezeko mphamvu. Mneniyu ali ndi matanthauzo awiri, kukoka mpweya ndi kuleka ntchito kwa kanthawi, ndipo onse awiri akukumana m'dzina lija la Pumani, limenenso likulankhula ndi khanda mwaulemu ngati munthu wamkulu. Tsono ndikupempha kuti pomasulira tizisiyanitsa motere.

Pa kachubu kodyetsera tinene kuti, "Mayi, aka n'kodyera, sikakhudza mapapo. Tikumupumitsa ntchito yoyamwa kuti mphamvu zake zipite kukupuma." Pa okosijeni tinene kuti, "Mwana akupuma yekha. Tangomuwonjezera mpweya womwe uno umene inu ndi ine tikupuma, koma wosefedwa." Pa CPAP tinene kuti, "Akupumabe yekha. Makinawa akungogwirizira mapapo kuti asaphwe, ndipo madzi akamabwata ndiye kuti zikuyenda. Akasiya kubwata, itanani anamwino msanga." Pa kachubu ka m'kholingo pokha ndi pamene tinene kuti, "Makina akumupumira kwa kanthawi, kufikira mapapo atachira."

Tionenso kuti mawu akuti "amuika pa mpweya" amachotsa mayi pa ntchito, ngati kuti mwana wasanduka wa makina. Mawu abwino amamupatsa chochita: kuyang'ana thovu, kufinya mkaka, kufunditsa mwana. Ndipo popeza kwa Mwambo kuli a Chinyanja, a Chilomwe ndi a Chiyao, ndiponso amene amagamula za ulendo wa kuchipatala kawirikawiri ndi agogo, bambo kapena mwinimbumba, mawuwa ayenera kufika kwa iwonso, osati kwa mayi yekha.

8.0 Pomaliza

M'chimangirizo chino ndaonetsa kuti khanda limabanika msanga chifukwa cha kuchepa kwa njira yake ya mpweya, kuti thandizo lili ndi masitepe, ndiponso kuti kulowetsa kachubu m'kholingo ndi luso lalikulu limene limadalira anthu ndi zipangizo zopezeka m'malo ochepa. Mwana wa ku Jali kapena ku Kachulu sangadalire sitepe yapamwambayo. Chimene angadalire ndi katemera wa pa nthawi yake, munthu wodziwa kuwerenga 60, 50 ndi 40, chifuwa chofunda cha mayi wake, ndi banja limene silithawa likamva za timachubu. Madokotala ndi amisiri anachita mbali yawo. Mbali yotsala, yopezera chinthu chilichonse dzina lakelake lomveka kwa agogo a kumudzi, ndi ya ife amene tikuphunzira chiyankhulo, ndipo tiyenera kukaigwirira limodzi ndi anamwino m'mawodi a ana.